Mafoloko a njinga ya a Kamwendo

1976 mpaka 1993

Ntchito yanga yoyamba yolembedwa ndinaipeza ku Makata, pa kampani ina yomwe inkaitanitsa mankhwala kunja n'kumawagawa m'zipatala za mu Blantyre. Dzina lake sindilitchula, ana anga, popeza ena mwa anthu a m'nkhaniyi akadali moyo. Ndinalowa ngati wotsuka zitsulo m'garaja, ndipo patapita zaka ndinakhala makaniko wamkulu, ngakhale ukuluwo unali wa pakamwa chabe chifukwa m'garajamo tinalimo awiri. Tinkasamala malole atatu, kapikapu kamodzi, galimoto ya bwana ndi njinga yamoto imodzi. Pano ndikufuna kunena za njingayo ndi munthu amene ankaikwera.

Inali njinga yakuda ya ku Mangalande, yolemera ngati ng'ombe, yopangidwa dziko lino lisanalandire ufulu. Tonse tinkaitchula kuti Gogo. Woikwera anali a Kamwendo, mesenjala wa kampani, bambo wamtali wa ku Chiradzulu yemwe ankakhala ku Bangwe. Ine ndinawapeza ali kale pa njingayo. Ankavala tayi tsiku lililonse, ngakhale mkati mwa jasi la mvula, ndipo kumbuyo kwa njinga ankamangirira bokosi la ayisi lonyamulira mankhwala ofunika changu, makamaka jakisoni wa anthu odwala shuga. Lole ikamadzafika mawa, a Kamwendo amakhala atafika kale lero. Manesi a ku Ndirande, ku Chilomoni ndi ku Zingwangwa ankadziwa kulira kwa Gogo akadali patali. Ine ndi iwo tinkadya limodzi masana kuseri kwa nyumba yosungira katundu, ndipo mwana wathu Grace atabadwa ndi iwo amene anathamangira kuchipatala ndi phukusi la amayi anu. Pa zaka zonsezo sanagwepo ngakhale kamodzi, ndipo ankanyadira zimenezi kuposa china chilichonse.

1994

Chaka cha chisankho zinthu zinasintha mofulumira kuposa mmene mitu yathu inkatha kutsatira. Mzungu amene ankayendetsa kampani anabwerera kwawo, ndipo pampando pake panakhala a Msiska, munthu wa ku Rumphi, wophunzira bwino, wocheperapo kwa ine. Sanali bwana woipa. Ankapereka moni kwa aliyense mpaka mlonda, koma anafika nthawi yoipa. Kwacha inagwa, zipangizo za galimoto zinasiya kubwera, ndipo ndikalemba pepala lopempha chitsulo chatsopano linkabwerera ndi mawu awiri okha: dikirani kaye. Tinayamba kukonza zinthu ndi zomwe tatola. Lole imodzi tinaiimika n'kumaidya pang'onopang'ono kuti ziwiri zinazo ziziyenda. M'misewu namo munadzaza maminibasi ndi mavenda, ana a sukulu anachuluka pulayimale itakhala yaulere, ndipo phula linakumbika osakonzedwa. Chakumapeto kwa chakacho kunayamba mphekesera zoti ku ofesi akulemba mndandanda wa anthu oti achotsedwe ntchito. Palibe amene anauonapo mndandandawo, koma aliyense ankayenda ngati dzina lake lili pamwamba.

1995

Mvula itangotha, Lolemba lina m'mawa, a Kamwendo analowa m'garaja akukankha Gogo. "A Namaona," anatero, "mwana wanuyu wauma kutsogoloku. Ndikagunda kabampu kakang'ono zikumvekera m'mano. Mikono yonseyi yatupa." Ndinakwera, n'kugwira buleki ya kutsogolo, n'kukankhira mahandulo pansi ndi thupi langa lonse. Kwa inu amene simunagwirepo njinga yamoto: tayala la kutsogolo limagwiridwa ndi mapaipi awiri omwe timati mafoloko, ndipo mkati mwake mumakhala sipuling'i ndi oyilo kuti njinga ikagunda dzenje mapaipiwo alowe n'kubwerera mofewa. Mafoloko a Gogo ankalowa monyinyirika, kuima panjira, kenako n'kubwerera mwadzidzidzi ngati munthu wodzidzimuka. Ndinayamba ndi zophweka. Ndinayeza mpweya wa m'tayala, unali bwino. Ndinatsegula timabawuti ta pansi kuti oyilo atuluke, ndipo anatuluka wakuda bii, wolemera ngati uchi. Apo ndinachita manyazi, chifukwa ndine ndemwe ndinathiramo oyilo wa injini chaka chapitacho, woyenera atasowa. "Vuto ndi langa, a Kamwendo," ndinawauza. "Pofika masana mukhala mukuyenda ngati muli pa matilesi." Ndinatsuka mkatimo ndi parafini, n'kuthiramo oyilo wofiira wopepuka amene tinkasungira magiya a galimoto ya bwana. Iwo anaseka kwambiri, kuseka kopitirira nthabwalayo, koma nthawi imeneyo sindinaganizepo kanthu.

Lachitatu anabweranso. Kuuma kunali pomwepo. Ndinamasula nati ya ekiselo, chitsulo chomwe tayala limazungulirapo, ndi mabawuti onse ogwira mafoloko, n'kuigwedeza njingayo kangapo kuti chilichonse chikhale m'malo mwake, n'kumanganso. Sizinathandize. Ndinayang'ana ngati mphira zotchinga oyilo zauma n'kumaluma paipi, koma zinali zofewa. Ndinatulutsa masipuling'i onse awiri n'kuwagoneka pamodzi pa tebulo, anali ofanana, osathyoka. Apa mtima unayamba kundivuta, chifukwa njingayo ndinkaidziwa ngati nyumba yanga, ndipo inkandibisira chinthu. Lachinayi ndinaikweza pa zidutswa za matabwa, n'kuchotsa tayala, n'kuyamba kukankha foloko iliyonse payokha ndi dzanja, yopanda sipuling'i. Ya kumanzere inkatsetsereka bwinobwino. Ya kumanja inkafika pakati n'kugwira. Ndinasolola paipi yakeyo, n'kupita nayo ku ofesi ya kalaliki komwe kunali tebulo la galasi pamwamba. Ndinapempha kuti achotse mapepala, ndinaigoneka pagalasipo n'kuigubuduza pang'onopang'ono. Paipi yowongoka imagubuduzika mwakachetechete. Iyi inkadzuka pakati, kuwala n'kumaoneka pansi pake, kenako n'kugwa ndi kaphokoso. Inali yopindika. Chitsulo chotere sichipindika ndi mabampu, chimapindika njinga ikaomba chinthu mwamphamvu. Nditabwerera m'garaja ndinatenga madigadi ya kutsogolo, lata lotchinga matope pamwamba pa tayala, n'kuiyang'anitsitsa padzuwa. Mkati mwake munali zipsera za hamala, ndipo kunja kunali penti yakuda yatsopano, yopaka ndi bulashi.

Masana amenewo tinakhala kuseri kwathu kwa masiku onse, koma ine sindinatsegule n'komwe chakudya changa. "A Kamwendo, Gogo anagwera kuti?" ndinafunsa. Anayankha msanga kuti sanagwepo, mwina anyamata a lole anaigunda pobwerera m'mbuyo. Ndinawauza kuti lole siipaka penti ikagunda chinthu. Anayamba kupukuta zala ndi mpango. Pageti, mwina mayadi makumi awiri kuchokera pomwe tinali, panaima lole ya kampani ina, nambala yake yaikulu ikuoneka bwino. Sindidziwa chimene chinandituma, koma ndinati, "Tandiwerengereni nambala ya lole iyo." Anatembenuka, anatsinzinira, anaika dzanja pachipumi. Kenako anagwetsa nkhope. "Ndi chaka tsopano," anatero motsitsa mawu. "Diso la kumanja ndi utsi wokhawokha, la kumanzere layambanso. Dzuwa likandiomba kumaso sindiona chilichonse. Sabata yatha ija ndikutsika pa Chemusa, mayi wina anali kuwoloka ndi mwana kumbuyo. Ndinamuona ali apa, pomwe pali inupo. Ndinakhotetsa, n'kukalowa m'ngalande. Mayiyo sindinamukhudze, Mulungu ndi mboni. Madigadi anandiwongolera wokhoma zidebe." Ndinawafunsa ngati anapita kuchipatala. Anati anapita, anawauza kuti ndi ng'ala ndipo ayenera kudikira opaleshoni, koma sakudziwa kuti adikira mpaka liti. Kenako anandigwira dzanja, zomwe anali asanachitepo. "Achimwene, zatsala zaka ziwiri kuti ndipume bwinobwino. Mtsikana wanga womaliza ali folomu 2. Mukudziwa za mndandanda. Misewuyi ndimaidziwa pamtima, ndiziyenda pang'onopang'ono. Inu ingowongolani chitsulocho basi."

Kuwongola chitsulocho sikunali kovuta. Garaja yoyandikana nafe inali ndi makina opanikizira zitsulo, ndipo inali ntchito ya masana amodzi. Koma ndinauza a Msiska kuti ndikufufuzabe vuto, ndipo Gogo anakhala pamatabwa paja milungu itatu. Milungu imeneyo sindinakhazikike. Ndinkafika m'mawa n'kumasula foloko ya kumanzere yomwe inalibe vuto, kuitsuka, kuimanga, mawa lake n'kuimasulanso. Ndinasiya kukwera minibasi, ndinkayenda wapansi kuchokera ku Makata mpaka kunyumba ku Ndirande kuti mwina mutu uzizire panjira, koma ndinkafika uli chimodzimodzi. Kutchalitchi ndinkaimirira anthu atakhala kale pansi. A Kamwendo ankapita ndi bokosi lawo pa minibasi, mankhwala n'kumafika mochedwa, ayisi atasungunuka, ndipo manesi anayamba kuimba foni ku ofesi. A Msiska anatsikira m'garaja kawiri. Ulendo wachiwiri anati, "A Namaona, malole mumawadzutsa opanda zipangizo. Kanjinga aka kakukanikani bwanji? Kapena tingokagulitsa?" A Kamwendo anali ataima pakhomo, akundiyang'ana.

Nkhaniyi ndinauza amayi anu Loweruka lina akuchapa. Ndinkayembekeza kuti andiuza kuti ndikanene kwa bwana, kuti katunduyo tisenze awiri. Sanatero. Anaimika manja m'beseni n'kunena kuti, "Bambo a Grace, inu ndinu dokotala wa maso? Anakulembani ntchito ya zitsulo. Konzani chitsulo, mubwere kunyumba. Munthu uja anatithandiza ife. Mukamuchotsetsa ntchito, mkazi wake ndikamuyang'ana bwanji kumsika?" Ndinati nanga akapha munthu. Iwo anati nanga akapanda kupha. Tinasiyira pomwepo, ndipo tsiku lonselo sitinalankhulane bwino. Musawaweruze amayi anu pa zimenezi. Ankanena zimene theka la mtima wanga linkanena.

Lolemba lotsatira ndinagonja. Ndinapita ndi paipi ija ku garaja ya anzathu, tinaipanikiza pang'onopang'ono, kuyeza, kupanikizanso, mpaka inagubuduzika pagalasi osadzuka. Ndinamanga zonse, ndinathira oyilo, ndipo nditakankha mahandulo Gogo analowa n'kubwerera mofewa ngati kale. Ndinasangalala, sindinama. Ntchito ikatheka manja amakondwa ngakhale mutu uli pamavuto. Lamulo langa linali loti chilichonse chimene ndakonza ndichiyese ndekha, choncho ndinavala chipewa n'kutuluka. Ndinalowera ku Ndirande, nthawi ili cha m'ma 12 koloko, ana a sukulu za m'mawa akuweruka. Msewu wa kumsika unali wodzaza: mavenda mbali zonse, minibasi itaima pakati ikukweza anthu, ana a mayunifolomu ali ponseponse. Ndinkayenda pang'onopang'ono, monga momwe a Kamwendo analonjezera kuti aziyendera. Ndikudutsa minibasi ija, tiatsikana tiwiri togwirana manja tinatulukira kutsogolo kwake tikuthamanga. Ndinaona mapazi awo pansi pa minibasi asanatulukire, ndipo ndinali nditagwira kale buleki. Mafoloko analowa bwino, tayala linagwira pansi, njinga inaima. Anawo anadutsa akuseka, osadziwa n'komwe kuti panali kanthu. Ine ndinakankhira njinga pambali n'kukhala pamwala wa ngalande. Chimene chinawapulumutsa sichinali mafoloko anga. Ndinaona mapazi aja chifukwa maso anga ankaona.

Nditabwerera ndinaika kiyi wa njinga m'thumba la ovololo, n'kuitana a Kamwendo. Ndinawauza zimene zinachitika, ndipo ndinati, "Gogo wachira, koma kiyi sindikupatsani. Pitani nokha kwa a Msiska, mukawauze za maso. Mukanena nokha adzakumverani chisoni. Ndikupatsani mpaka Lachisanu. Mukapanda kupita, Lolemba ndipita ine." "Zaka zonsezi tadyera limodzi," anatero, "lero mukundipatsa masiku ngati wa lendi?" Anatuluka. Sabata imeneyo ndinkadya ndekha m'garaja, maso ali pa masitepe opita ku ofesi. Munthu aliyense akakwera ndinkadzuka kuti ndione ngati ndi iwo. Lachisanu linafika n'kudutsa. Lolemba m'mawa ndinasamba m'manja kawiri, ndinakwera masitepe aja, ndinafika pakhomo, ndinabwerera pansi, ndinakweranso, n'kugogoda.

A Msiska anamvetsera osandidula. Nditamaliza anavula magalasi n'kufunsa kuti ndadziwa liti. Ndinanena zoona, kuti patha mwezi. "Ndiye mwezi wonsewu mwakhala mukundinamiza," anatero. Ndinavomera. Kenako ndinapempha chimene ndinakwerera masitepe: kuti a Kamwendo asachotsedwe, awaike kosungira katundu kapena pageti mpaka opaleshoni itachitika, popeza munthu wokhulupirika ngati iwo sapezekapezeka. A Msiska anapuma mozama. "Mwachita bwino kunena, a Namaona. Ndiyesetsa. Koma mndandandawo sindilemba ndekha, ndipo kosungira katundu nakonso tikuchotsako anthu." Ndikhulupirira kuti anayesadi, chifukwa kalaliki anandiuza pambuyo pake kuti anakangana ndi eni kampani pa foni. Koma mwezi utatha makalata ochotsa anthu ntchito anatuluka, ndipo imodzi inali ya a Kamwendo. Anabwera m'garaja atavala tayi yawo, anaika chipewa cha njinga ndi jasi la mvula patebulo langa, anasisita thanki ya Gogo, n'kutuluka osandiyang'ana.

Nkhani inafala pakampani ponse tsiku lomwelo. Muyenera kumvetsa nthawi imene tinalimo. Tinali titangotuluka m'zaka zomwe munthu ankasowa chifukwa mnzake wakamunenera, ndipo panalibe dzina loipa kuposa la kazitape. Dalaivala wina wa lole, a Mbewe, anandiuza pamaso pa anthu kuti, "Nthawi ya akazitape inatha, a Namaona, kapena wailesi mulibe?" Anthu anaseka. Ndikalowa pomwe anzanga akucheza, nkhani inkatha. Amayi anu sanandinene, koma anasintha tsiku lopitira kumsika waukulu ku Limbe kuopa kukumana ndi mayi Kamwendo. Kawiri ndinakwera minibasi ya ku Bangwe kuti ndikawaone, ndipo kawiri konse ndinatsikira panjira n'kubwerera. Gogo anapatsidwa kwa mesenjala watsopano yemwe sankamukonda, ndipo chaka chotsatira anagulitsidwa kwa munthu wina wa ku Chinyonga wokonda njinga zakale.

1998

A Mbewe aja anamwalira m'nyengo yozizira, ndipo maliro anali ku Bangwe. Sindikanatha kujomba, tinagwira ntchito limodzi zaka zambiri. Ndinakhala kumapeto kwa benchi ya azibambo, chipewa chili m'manja. Mwambo uli mkati ndinaona munthu wamtali akudutsa pakati pa anthu, akulambalala miyendo ya okhala pansi mosaphonya. Anali a Kamwendo, ataonda, tsitsi lonse loyera, atavala magalasi okhuthala ngati pansi pa botolo. Anabwera molunjika n'kukhala pambali panga. Ndinapereka moni, anayankha. Kwaya inamaliza nyimbo. Kenako anayamba kulankhula, maso ali kutsogolo. Anati opaleshoni inachitika patatha chaka ndi theka, maso onse awiri. Anati mtsikana wawo anasiya sukulu chaka chimodzi, kenako mlongo wake wamkulu anamutenga n'kumubwezeretsa. Anati iwo tsopano amagulitsa makala pakhomo. Ndinayamba kupepesa, koma anakweza dzanja.

"Tsiku lomwe anandimasula bandeji," anatero, "ndinaona nkhope ya mkazi wanga, ndipo ndinazindikira kuti ndinali nditatha zaka ziwiri osaiona. Ndinkayenda ndi njinga ija mumdima, a Namaona. Ndikanapha mwana wa munthu. Zimenezo ndikuzidziwa, ndipo ndimafuna muzimve kuchokera pakamwa panga." Anavula magalasi, anawapukuta ndi tayi, anawavalanso. "Koma musaganize kuti ndakukhululukirani. Ndayesa, ndapemphera, sizikutheka. Ndikakuonani ndimaona kalata ija."

Ndinati ndamva. Nthawi yomweyo akuluakulu a mudzi anaitana amuna oti anyamule bokosi kupita kumanda, ndipo tonse awiri tinadzuka. Njira ya kumanda ku Bangwe ndi yokwera, yamiyala. Tinagwira mbali imodzi, iwo kutsogolo, ine kumbuyo kwawo. Titafika pamalo pena pomwe madzi anakumba njira, anatembenuza mutu pang'ono n'kunena kuti, "Samalani dzenje apo, achimwene."

Sitinaonanenso. Anamwalira ine ndisanapume ntchito, ndipo uthenga unandipeza maliro ataikidwa kale.